Ndili ndi PCOS, ndayenda miyezi iwiri koma thupi silikutsika: kodi ndiyambe yoga?

"Adokotala, ndine mayi wa zaka 28, ndimakhala ku Lilongwe ndipo ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina mumsika. Ndakhala pabanja zaka ziwiri popanda mphatso. Msambo wanga umabwera mwina kanayi pa chaka, pachibwano pakumera tindevu, ndipo thupi likungokwera, pano ndili pa makilogalamu 84. Atandijambula kuchipatala anati ndili ndi PCOS, ndichepetse thupi ndiponso ndizichita masewera olimbitsa thupi. Ndayenda m'mawa uliwonse kwa miyezi iwiri koma sikelo sinasunthe n'komwe. Mnzanga wanditumizira mavidiyo a yoga pa WhatsApp, akuti imasungunula zotupa za m'mabasiketi a mazira m'miyezi itatu. Kutchalitchi ena akuti yoga n'kupembedza mafano. Kodi ndiyambe yogayo, kapena ndikungotaya nthawi?"

Achemwali anga, choyamba mtima pansi. Miyezi iwiri mwayendayo sinapite pachabe, ngakhale sikelo ikukuuzani zina. Vuto la PCOS (polycystic ovary syndrome), lomwe ndi kusokonekera kwa mahomoni kolepheretsa mazira a mayi kukhwima bwino, si lachilendo ayi. Mwa amayi khumi alionse a msinkhu wobereka, pafupifupi mmodzi ali nalo, ndipo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse lapansi la World Health Organization amati ochuluka mwa iwo, mpaka 70 pa 100 alionse, sadziwa n'komwe kuti ali nalo. Sikuti wina wakulodzani, ndipo sizikutanthauza kuti ndinu chumba. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuona amayi kuchipatala, ndaona ambiri a PCOS akubwera kusikelo ya amayi apakati, ena atatenga pathupi paokha, ena atathandizidwa ndi mankhwala ochepa chabe.

Mawu oti zotupa aja ndi amene amaopseza anthu, choncho tiyambire pomwepo. Zimene zinaoneka pa sikani si zotupa zenizeni. Mwezi uliwonse timazira tingapo timayamba kukula m'mabasiketi a mazira, kalikonse m'kathumba kake ka madzi, kenako limodzi limakhwima n'kutuluka. Kwa mayi wa PCOS timazirato timayamba ulendo koma timaima panjira, osakhwima, n'kutsala titandandalika m'mphepete mwa basiketi ngati mikanda ya pachingwe. Ndizo wojambula uja anaona. Palibe chofunika kusungunula pamenepo, ndipo palibe kakhalidwe ka thupi ka mu yoga (masewera otambasula thupi ndi kupuma mozama) kamene kangafinye kapena kuphulitsa timatumbato. Chofunika n'kukonza chimene chikuimitsa mazirawo panjira.

Madokotala awiri a ku Chicago ku America, Irving Stein ndi Michael Leventhal, ndi amene anafotokoza vutoli mu 1935, ataona amayi asanu ndi awiri. Iwo ankayang'ana kwambiri mabasiketi a mazirawo. Lero tikudziwa kuti kwa amayi ambiri muzu wa nkhani uli m'thupi lonse, makamaka pa homoni yotchedwa insulini. Mukadya nsima, mpunga kapena mandasi, chakudyacho chimasanduka shuga m'magazi, ndipo insulini ndi imene imatsegula khomo kuti shugayo alowe m'minofu. Kwa amayi ambiri a PCOS, onenepa ngakhalenso ena owonda, minofu siimva msanga kugogoda kwa insulini. Ndiye thupi limatulutsa insulini yochuluka kuti khomo litseguke basi. Insulini yochulukayo ikafika ku mabasiketi a mazira imawachititsa kupanga mahomoni achimuna oposa muyezo, ndipo imachititsanso chiwindi kuchepetsa puloteni amene amagwira mahomoniwo kuti asamangoyendayenda m'magazi. Zotsatira zake ndi zimene mwalembazo: dzira silikhwima, msambo umasowa, tindevu ndi ziphuphu zimatuluka, mafuta amaunjikana pamimba. Ena khungu la kumbuyo kwa khosi ndi m'khwapa limada n'kukhuthala, amalikwecha ndi mwala poganiza kuti ndi litsiro, pamene ndi chizindikiro cha insulini yomweyo.

Apa ndi pamene kuyenda kwanu kukulowera. Mnofu ukamagwira ntchito umakoka shuga m'magazi wokha, osadikira insulini, ndipo ukapuma umakhalabe womvera insulini kwa tsiku limodzi kapena awiri. Ndiye kuti m'mawa uliwonse umene munadzuka n'kuyenda, thupi lanu linafuna insulini yocheperako tsiku limenelo, ndipo mabasiketi a mazira anapumako. Zimenezi zimachitika thupi litatsika kapena lisanatsike. Sikelo siingathe kuziona. Ndimadandaula kwambiri ndikaona mayi wasiya kuyenda chifukwa cha nambala ya pasikelo, pamene m'kati mwake zinthu zinali zitayamba kale kusintha. Ifenso akuchipatala tili ndi mbali yathu pa vutoli, chifukwa nthawi zambiri timangoti "kachepetseni thupi" pamzere pali anthu ambiri, mayi n'kutuluka akuganiza kuti mankhwala ake ndi sikelo.

Inu ndinu telala, muli ndi chida choposa sikelo m'khosi mwanumo. Tengani tepi yanu muyeze chiuno, pakatikati pa nthiti yomalizira ndi fupa la m'chiuno, mutatulutsa mpweya bwinobwino, osakoka mimba. Kwa amayi, kupitirira masentimita 80 kumasonyeza kuti mafuta a pamimba ayamba kuchuluka, ndipo mafuta amenewa ndi amene amalimbana kwambiri ndi insulini. Yezani kamodzi pa mwezi. Kawirikawiri chiuno chimayamba kubwerera sikelo ili chiimire, chifukwa mafuta akuchoka pamene minofu ikulimba. Ndikukumbuka mayi wina wogulitsa pagolosale amene anabwera atakwiya kuti miyezi itatu yapita popanda kilogalamu ngakhale imodzi. Ndikumuyeza magazi ndinaona kuti siketi yake wailumikiza ndi pini m'chiuno kuti isagwe. Nditafunsa za msambo anati wabwera kawiri motsatizana, chinthu chimene sichinachitikepo chikwatiwire. Iye sanaziwerengere zimenezo.

Sindikunena kuti kutsika kwa thupi kulibe ntchito. Kuli nayo, koma muyezo wake ndi wochepa kusiyana ndi mmene ambiri amaganizira. Kutsitsa magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse a kulemera kwanu kumakwanira kuti amayi ambiri ayambenso kutulutsa dzira. Pa makilogalamu 84 anuwo, tikunena makilogalamu anayi mpaka asanu ndi atatu, pa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Ndipo kunena zoona, kuyenda pakokha sikutsitsa thupi kwambiri ngati mbale ili chimodzimodzi. Chakumwa chozizira cha shuga chimene mumamwa masana pamakina chikhoza kubweza zonse zimene munawotcha m'mawa. Yambirani pamenepo, ndi pa masupuni a shuga wa mu tiyi. Mitanda ya nsima ichepeko, mgaiwa ulowe m'malo mwa ufa woyera, ndiwo zamasamba, nyemba, usipa ndi mazira zichuluke m'mbale. Musadzimane chakudya. Kugona ndi njala uku mukuchita masewera mopitirira muyezo nakonso kumaimitsa msambo mwa njira ina, ndipo kumathera ku kudya mosadziletsa madzulo.

Nanga masewerawo achuluke bwanji? Malangizo a padziko lonse lapansi okhudza PCOS, amene anatsogoleredwa ndi akatswiri a ku Monash University ku Australia mu 2018 n'kukonzedwanso mu 2023, amati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera apakatikati, kapena 75 mpaka 150 za masewera amphamvu, kuphatikizapo masiku awiri osatsatizana olimbitsa minofu. Wofuna kuti thupi litsike alinge pa mphindi 250 pa sabata. Amanenanso poyera kuti palibe mtundu umodzi wa masewera umene waoneka kuti ukuposa ina yonse pa PCOS. Zimenezi zimandisangalatsa, chifukwa zikutanthauza kuti simukufunika jimu kapena zovala zodula. Kupalasa njinga, kudumpha chingwe, ntchemberembaye, kuvina, zonsezo zimawerengedwa.

Funso langa kwa inu ndi lakuti mumayenda motani. Ambiri akati ndimayenda, amanena kuyenda kwa kuchezera, foni ili kumanja. Kuyenda kumene kumagwira ntchito ndi kwa ndawala, kwa munthu amene wachedwa kudepoti. Muzitha kuyankha moni ndi kucheza mawu ochepa, koma mukayesa kuimba korasi mpweya uzikuperewerani. Ngati mukutha kuimba ndime yonse bwinobwino, onjezerani liwiro. Mphindi 30 mpaka 40, masiku asanu kapena asanu ndi limodzi pa sabata. Mukazolowera, muziika timphindi tothamangirako pakati: mphindi imodzi mwamphamvu, ziwiri mwapang'onopang'ono, kubwereza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Pezani mnzanu woyenda naye, makamaka ngati mukutuluka kusanache, ndipo nyengo yotentha ya Okutobala muzipewa dzuwa la masana.

Chimene ndikuona kuti chikusowa pa zimene mukuchita ndi kulimbitsa minofu, ndipo amayi ambiri amakulumpha poopa kuti aoneka ngati amuna. Simudzaoneka choncho. Minofu ndi nkhokwe imene shuga amakasungidwako, ndiye ikakula malo osungira amachuluka. Ikuluikulu ili m'ntchafu, m'matako ndi kumsana. Imani kutsogolo kwa mpando wanu wosokera, khalani pansi pang'onopang'ono ngati mukuopa kuuthyola, mukangoukhudza dzukani, osagwira ndi manja. Chitani kakhumi, pumani, bwerezani katatu. Kenako tsamirani khoma ndi zikhatho, pindani zigongono mpaka mphuno iyandikire khoma, kankhani. Zigubu ziwiri za malita 5 zodzaza madzi ndi makilogalamu asanu mbali iliyonse, zinyamuleni ponyonyomala ndi podzuka, kapena muziyenda nazo pabwalo msana uli chilili. Mphindi 20, Lachiwiri ndi Lachisanu, zakwana. Zikayamba kupepuka onjezerani kulemera kapena kubwereza, chifukwa mnofu sukula ndi katundu amene wamuzolowera.

Ntchito yanu ili ndi vuto lake lapadera, lomwe ndi kukhala pansi tsiku lonse. Ngakhale makina anu atakhala opalasa ndi mapazi, kupalasako sikukwanira. Mukamaliza msoko umodzi wautali, kapena pakatha theka la ola, imirirani. Dulani nsalu ndi kusita muli chiimire. Ndipo mukadya nkhomaliro musabwerere pamakina nthawi yomweyo, zungulirani msika kwa mphindi 10 kapena 15. Shuga amakwera kwambiri m'magazi munthu akangotha kudya, ndipo kuyenda kwa nthawi imeneyo kumamugwira asanakwere patali. Pa zonse ndalembazi, kameneka ndi kamene odwala anga ambiri amakwanitsa kukasunga kwa zaka.

Tsopano za yoga. Mnzanuyo sanalakwe kwenikweni, koma mavidiyowo akulonjeza zoposa zimene zilipo. Kafukufuku amene amatchulidwa kawirikawiri anachitika ku India, komwe yoga inachokera, pakati pa atsikana 90 a zaka 15 mpaka 18 omwe anali ndi PCOS. Theka linkachita yoga ola limodzi tsiku lililonse kwa masabata 12, theka linalo masewera wamba. A yoga aja anaonetsa kusintha kwabwinoko pa insulini, pa mahomoni achimuna ndi pa nkhawa. Ndi nkhani yolimbikitsa, koma taonani bwino: anali atsikana achichepere, ochepa, ankachita tsiku ndi tsiku moyang'aniridwa ndi mphunzitsi, ndipo palibe amene ananena kuti PCOS inatha. Mpaka lero palibe mankhwala kapena masewera ochotseratu vutoli. Limalamulirika, ndipo likalamulirika bwino munthu amakhala moyo wake wonse bwinobwino.

Kumene ine ndaona yoga ikuthandiza kwambiri ndi kumtima ndi kutulo. Amayi a PCOS amavutika ndi nkhawa ndi kukhumudwa kuposa anzawo, ndipo simufunika kundiuza chifukwa chake. Zaka ziwiri pabanja popanda mwana kwathu kuno ndi katundu wolemera. Apongozi amafunsa, alamu amalankhula mokuluwika, pachinkhoswe chilichonse wina amayang'ana pamimba panu, kenako m'mawa mumaima pagalasi kuzula tsitsi la pachibwano. Munthu wa nkhawa sagona bwino, ndipo wosagona bwino amamva njala ya zotsekemera, insulini yake n'kumavutanso kwambiri. Kupuma mozama ndi kudziwongola modekha kumadula mzere umenewu. Kwa telala palinso phindu lina, msana ndi khosi zimene zawerama tsiku lonse zimamasuka.

Ngati mukufuna kuyesa, yalani mphasa ndi chitenje pamwamba madzulo musanagone. Gonani chagada, pindani mawondo, mapazi apondetse pansi, kwezani chiuno mpaka thupi likhale ngati mlatho, pumani kasanu muli pomwepo, tsikani pang'onopang'ono. Tembenukani chafufumimba, zikhatho pansi pa mapewa, tukulani chifuwa ngati njoka yodzutsa mutu, osakakamiza msana. Kenako gwadani, khalirani zidendene, weramani mpaka chipumi chikhudze mphasa, manja atatambasukira kutsogolo. Pomaliza gonaninso chagada, dzanja limodzi pamimba, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani mukuwerenga mpaka 6, kwa mphindi zisanu. Zonsezi ndi mphindi 15 kapena 20. Ziwonjezere pa kuyenda ndi kulimbitsa minofu, zisalowe m'malo mwake, chifukwa yoga yodekha yotere siithamangitsa mtima mokwanira. Kakhalidwe kotambasula mawondo mapazi atagundana, kamene mavidiyo ambiri amati kamatsegula njira ya mazira, n'kabwino pomasula ntchafu, koma sikatsegula chilichonse m'kati.

Za kutchalitchi sindizipeputsa. N'zoona kuti yoga inamera m'miyambo ya chipembedzo ya ku India, makamaka ya Chihindu, ndipo mndandanda wotchuka wa makhalidwe 12 wotchedwa surya namaskar dzina lake limatanthauza kulonjera dzuwa. N'zoonanso kuti anthu miyandamiyanda a zipembedzo zosiyanasiyana amaichita ngati masewera chabe, ndipo bungwe la United Nations linaika 21 Juni kukhala tsiku la yoga kuyambira mu 2015. Ine ndine wachipatala, za chikumbumtima chanu sindingakugamulireni. Chimene ndinganene n'chakuti phindu la m'thupi limachokera m'kutambasula minofu ndi m'kapumidwe, osati m'dzina kapena m'mawu obwerezabwereza. Zimene ndafotokoza pamwambazi adokotala a mafizo amaphunzitsanso anthu a msana popanda kutchula yoga. Mukhoza kuzichita muli chete, kapena mukusinkhasinkha pemphero lanu. Ngati mtima ukukanabe, zisiyeni, simutaya chithandizo chenicheni. Kuchita chinthu chochotsa nkhawa uku chikukupatsani nkhawa ina n'kosathandiza.

Pali zoyenera kusamala. Ngati muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena la maso, pewani makhalidwe ozondoka mutu pansi ndi kapumidwe kofulumira kokankha mimba. Mawondo akamapweteka, siyani kudumpha chingwe, bwererani ku kuyenda kapena njinga. Kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kosayenderana ndi zimene mukuchita ndi chifukwa chosiyira pomwepo n'kukaonana ndi achipatala. Kumbukiraninso kuti dzira limatuluka msambo usanabwere, ndiye mukhoza kutenga pathupi osadziwa, mukuganiza kuti ndi kuchedwa kwa masiku onse kuja. Sungani kachipangizo koyezera mimba m'nyumba, ndipo popeza mukufuna mwana yambani kumwa mapiritsi a vitamini wotchedwa folic acid panopa. Mukapezeka ndi pathupi musasiye kuyenda, koma zogona chafufumimba ndi zopotokola mimba zilekeni mpaka mutafunsa kusikelo.

Mbali imene ndikufuna muigwire kwambiri ndi iyi: masewera asakuchedwetseni kubwerera kuchipatala. Mwanena kuti msambo umabwera kanayi pa chaka, ndiye kuti nthawi zina pamadutsa miyezi itatu kapena kuposa. Dzira likapanda kutuluka, khungu la m'kati mwa chiberekero limangokhuthala osakhetsedwa, ndipo zikapitirira kwa zaka zimakweza chiopsezo cha khansa ya m'kati mwa chiberekero. Pakadutsa masiku 90 musanasambe, ndipo mwayeza kuti si mimba, pitani akakupatseni mapiritsi oyambitsa msambo. Ndi chithandizo chophweka. Musachifunefune kwa ogulitsa mankhwala azitsamba otsuka m'mimba, chifukwa sitidziwa zimene zili m'mabotolomo, ndipo ena amafika kwa ife impso kapena chiwindi zitavulala.

Pa nkhani ya mwana, zaka ziwiri zakwana kuti muthandizidwe tsopano, osadikira kuti thupi litsike kaye. Lamulo lathu ndi chaka chimodzi choyesa, kapena miyezi isanu ndi umodzi kwa mayi wopitirira zaka 35. Pemphani kalata yokutumizani kwa madokotala a amayi, kwa inu a ku Lilongwe ndi ku Kamuzu Central Hospital kapena ku Bwaila. Pali mankhwala othandiza dzira kukhwima, letrozole ndi amene malangizo a masiku ano amaika patsogolo, ndipo clomiphene ndi metformin amagwiritsidwanso ntchito. Amenewa amwedwe moyang'aniridwa ndi dokotala, osati ogula pakauntala chifukwa mnzanu anamwa. Ndipo bambo akunyumba apite nawo akayezetse umuna. Ndaonapo amayi akumwa mankhwala chaka chathunthu, akunyozedwa ndi abale, pamene vuto lina linali kwa mwamuna. Kukhala ndi PCOS sikutanthauza kuti mbali inayo zonse zili bwino.

Mukakafika pemphaninso kuti akuyezeni shuga, makamaka kuyeza kuja amakumwetsani madzi a shuga wa magalamu 75 n'kutenganso magazi pakatha maola awiri, komanso kuthamanga kwa magazi. PCOS imakweza chiopsezo cha matenda a shuga, kuphatikizapo shuga wa pathupi, ndiye ndi bwino kudziwa pamene muli musanaime. Funsaninso ngati anayeza chithokomiro ndi homoni ya mkaka, chifukwa sikani payokha siikwanira kunena kuti munthu ali ndi PCOS. Kuyambira pa msonkhano wa akatswiri wa ku Rotterdam ku Netherlands mu 2003, timafuna zizindikiro ziwiri mwa zitatu, msambo wosalongosoka, mahomoni achimuna ochuluka, ndi maonekedwe a mabasiketi a mazira, ndipo matenda ena ofanana nawo akhale atachotsedwa kaye. Inu zizindikirozo muli nazo, koma kuyeza kwinako n'kofunikabe. Musadikire tsiku la kalata ngati ndevu zayamba kuchuluka mofulumira m'miyezi yochepa, mawu akukula ngati a mwamuna, mabere akutuluka mkaka, mukutaya magazi ambiri kapena kwa masiku opitirira asanu ndi awiri, kapena m'mimba mwapweteka mwadzidzidzi mbali imodzi. Chimodzimodzi ngati kukhumudwa kwafika poti simukufunanso kudzuka kapena mukuganiza zodzivulaza. Nenani, nazonso timathandiza.

Msambo sumvera msanga, upatseni miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo tsitsi la pachibwano limachedwa kuposa pamenepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakadali pano tsegulani tsamba lakumapeto la kabuku kamene mumalembamo miyezo ya makasitomala. Lembanimo muyezo wa chiuno chanu lero, tsiku loyamba la msambo uliwonse ndi masiku amene watenga, ndipo muzichonga tsiku lililonse limene mwayenda kapena kunyamula zigubu. Popita kwa dokotala wa amayi mukatenge kabukuko limodzi ndi buku lanu lakuchipatala ndi pepala la sikani lija.